Zizindikiro zotumizira uthenga: mafunso ndi mayankho

Masamba ogoneka pamsewu, belu la kusukulu, hutala wa minibasi, khadi lofiira m'dzanja la woimbira mpira, timizere ta netiweki pafoni. Zonsezi zimauza munthu kanthu popanda wina kutsegula pakamwa. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa nkhani ya zizindikiro zotere, pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi chizindikiro chotumizira uthenga n'chiyani kwenikweni?

Ndi chinthu chooneka, chomveka kapena chokhudzika chimene munthu wachita dala kuti mnzake adziwe kanthu n'kuchitapo kanthu. Pamafunika wotumiza, wolandira, njira yodutsamo uthengawo, komanso pangano la tanthauzo lake. Pa zinayi zimenezi chachikulu ndi pangano. Rimu ya galimoto imene amaipachika pamtengo pasukulu za pulayimale ilibe mawu ake ayi. Ndi chitsulo chabe. Koma chifukwa ana ndi aphunzitsi anagwirizana kuti ikalira m'mawa ndiye kuti ndi nthawi ya asembule, ikalira chakumasana ndiye kuti ndi buleki, chitsulocho chimasanduka uthenga. Wodutsa m'njira amene sanaphunzirepo pamenepo amangomva phokoso.

Katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, analemba za zimenezi mu 1948 akugwira ntchito ku Bell Labs. Iye anasonyeza kuti uthenga uliwonse umakumana ndi zosokoneza panjira, ndipo ntchito ya wotumiza ndi kuukonza mwa njira yoti ufike wamphumphu ngakhale zosokonezazo zilipo. Ankaganizira za mawaya a lamya, koma mfundo yake imagwira ngakhale pa mayi woitana mwana kutsidya la mtsinje wosokosa: amabwereza, amakweza mawu, amagwedezanso dzanja.

Nanga mitambo yakuda kapena kutentha thupi, si zizindikironso?

Ndi zizindikiro ndithu, koma za mtundu wina. Mitambo ikada bii sikuti ikufuna kukuuzani kuti muanule chimanga; inuyo ndi amene mwaona n'kumasulira. Palibe wotumiza, palibe pangano. N'chifukwa chake mitambo ikapita osagwetsa dontho simungaiimbe mlandu wa bodza, pamene munthu wokuwa kuti "Wakuba!" popanda wakuba ali ndi mlandu.

Pakati pa ziwirizi pali nyama, ndipo nkhani yake ndi yokoma. Ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique, Ayao ofula njuchi amagwira ntchito ndi kambalame kakutchire kamene amakatchula sego. Munthu amaitana ndi kalilidwe kapadera, kunjenjemeretsa milomo kenako n'kudzuma kamodzi, ndipo mbalameyo imabwera n'kumuuluka patsogolo mtengo ndi mtengo mpaka pamphako ya njuchi. Munthu amatenga uchi, mbalame imadya phula. Katswiri wa mbalame, Claire Spottiswoode, ndi anzake anafufuza zimenezi n'kufalitsa zotsatira zake mu 2016. Anapeza kuti akaimba kalilidwe ka Ayaoko mwayi wopeza njuchi unkafika pa 54 peresenti, pamene akaimba phokoso lina wamba unkangokhala pa 17 peresenti. Mbalame yosaweta, yosaphunzitsidwa ndi munthu, ikudziwa mawu amene akutanthauza kuti "tiye tikagwire ntchito". Ahadza a ku Tanzania amaitana mbalame yomweyi ndi likhweru, ndipo mbalame za kumeneko zimamvera likhwerulo kuposa kaitanidwe ka Ayao.

Kodi makolo athu ankatumiza bwanji uthenga kutali kusanabwere foni?

Ankadalira khutu kuposa diso, chifukwa m'nkhalango ndi usiku diso silipita patali. Kunali ng'oma, lipenga la nyanga, mfuu, nthungululu ndi likhweru. Mfuu ikamveka usiku amuna ankatuluka ndi zida osayamba afunsa. Nthungululu zikamveka kunyumba kumene kuli mayi woyembekezera, mudzi unkadziwa kuti kwabwera mlendo. Kulira kwa amayi m'bandakucha kunkalengeza zovuta mthenga asanafike n'komwe kwa mfumu. Ng'oma nazo sizilira chimodzimodzi: munthu wokulira ku Dedza kapena ku Dowa amasiyanitsa ng'oma za gule ndi za chinamwali ali kumunda. Pabwalo la gule wamkulu, woimba mbalule amalankhulana ndi chilombo chimene chikuvina, kuchiuza posintha sitepe ndi pomalizira.

Koma tisasokoneze zimenezi ndi ng'oma zolankhula za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa. Kumeneko ng'oma inkanena ziganizo zenizeni potsanzira kukwera ndi kutsika kwa mawu a chilankhulo. Mmishonale wa ku England, John Carrington, anakhala zaka zambiri pakati pa Alokele m'mbali mwa mtsinje wa Congo, anaphunzira kuimba ng'omazo, n'kulemba buku la nkhaniyi mu 1949. Anafotokoza kuti popeza mawu ambiri amafanana kakweredwe, woimba sankaimba liwu limodzi lokha. Ankalikulunga m'chiganizo chachitali chodziwika kale kuti womva asakayike. Uthenga unkamveka makilomita angapo, mudzi wotsatira n'kuulandira n'kuupatsira kutsogolo. Kwathu kuno nkhani yatsatanetsatane inkanyamulidwa ndi mthenga wa miyendo iwiri. Ng'oma inkangoti "bwerani" kapena "konzekani".

Masamba amene amaika pamsewu amatanthauza chiyani, ndipo ndichite chiyani ndikawaona?

Amatanthauza chimodzi mwa zinthu ziwiri: maliro kapena galimoto yowonongeka. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Pamaliro nthambi zaziwisi amaziyala mopingasa msewu, mzere umodzi musanafike pasiwa, wina mutapitirira. Pa galimoto yowonongeka nthambi amaziponya motsatizana m'mbali imene galimotoyo yaima, ina apa, ina patsogolo, kulondolera ku ngoziyo.

Pamaliro mwambo ndi wodziwika. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wanjinga amatsika n'kuyenda chokankha mpaka atadutsa mzere wachiwiri. Wachipewa amavula. Lamulo la pamsewu silinena za masamba, koma chizindikirochi chimamveredwa kuposa zikwangwani zambiri za boma, chifukwa aliyense amadziwa kuti mawa masambawo adzayalidwa pakhomo pake. Pali nzerunso yoteteza moyo: pamaliro pamakhala anthu ambiri owoloka msewu maganizo ali kutali, ana, okalamba, amayi osenza nkhuni ndi ufa.

Pa galimoto yowonongeka ndi pamene pali vuto. Choyenera kuika ndi mathirayango ofiira onyezimira, kutsogolo ndi kumbuyo, patali ndithu kuti wobwera apeze mpata woima. Nthambi sizinyezimira, ndipo usiku pamsewu wa M1 dalaivala amaziona ataziponda kale. Choipa kwambiri ndi khalidwe losiya nthambi ndi miyala yotsekera matayala pamsewu lole ikachoka. Mwala wotere umagwetsa wanjinga yamoto. Ndipo nthambi zikamapezeka paliponse popanda chifukwa, madalaivala amazolowera kungozidutsa pa liwiro, mpaka tsiku limene kuseri kwa kona kuli lole ya simenti yozima magetsi. Woika chizindikiro ndiye ayenera kuchichotsa, ndipo apa ndi pamene ambiri timalephera.

N'chifukwa chiyani maloboti amagwiritsa ntchito mtundu wofiira, wachikasu ndi wobiriwira?

Mitunduyi inachokera ku njanji. Loboti yoyamba inaikidwa ku London mu December 1868, pafupi ndi nyumba ya malamulo, ndipo anaikonza ndi injiniya wa njanji, John Peake Knight. Masana inkakweza ndi kutsitsa mikono, usiku inkayatsa nyale ya gasi yofiira ndi yobiriwira, ndipo wapolisi ankaitembenuza ndi manja. Sinakhalitse: patangotha milungu yochepa gasi anaphulika n'kuvulaza wapolisiyo, ntchitoyo n'kuthera pomwepo. Maloboti a magetsi anayamba mumzinda wa Cleveland ku America mu 1914, ndipo mu 1920 wapolisi wa ku Detroit, William Potts, anawonjezera nyale yachikasu yochenjeza kuti zisintha.

Pa njanji zakale nyale yoyera ndiyo inkatanthauza kuti njira ili bwino. Koma galasi lofiira likasweka, nyale yoti "ima" inkaoneka yoyera, kutanthauza "pita". Ndi chifukwa chimodzi chimene anasinthira n'kupatsa mtundu wobiriwira ntchitoyo. Phunziro limenelo mainjiniya amalisungabe: chizindikiro chikawonongeka chizigwera ku mbali yoletsa, osati yololeza.

Malo a nyale nawo ndi uthenga. Pa loboti yoimirira yofiira imakhala pamwamba, yobiriwira pansi, kuti munthu amene maso ake sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi awerenge malo. Ndipo yachikasu sitanthauza "ponda moto usanatsekeredwe", ngakhale m'tauni ambiri anaimasulira choncho. Imatanthauza kuti imani, pokhapokha ngati mwayandikira kwambiri moti kuima mwadzidzidzi kungachititse ngozi.

Loboti ikuti pita, wapolisi akuti ima. Ndimvere uti?

Wapolisi. Dzanja la wapolisi wa pamsewu limaposa loboti ndi chikwangwani, chifukwa iye akuona zimene makina sakuona. Magetsi akazima ndipo wapolisi palibe, imani kaye, yang'anani mbali zonse, mupatsane mpata mmodzimmodzi.

Lole ya patsogolo ikayatsa indiketa ya kumanzere pamsewu wowongoka, kodi ikundiuza kuti ndidutse?

Mwina, ndipo "mwina" ameneyu wapha anthu. Pakati pa madalaivala a kuno kummwera kwa Africa, kumene timayenda kumanzere, pali chizolowezi chakuti indiketa ya kumanja imauza wakumbuyo kuti usadutse, kukubwera galimoto, pamene ya kumanzere imati njira ili bwino. Wodutsayo amathokoza ndi mahazadi kawiri kapena katatu. Usiku ena amayatsa indiketa ya kumanja pokumana ndi galimoto ina kuti asonyeze pothera thupi la galimoto yawo. Kuthwanitsa magetsi akutsogolo masana kawirikawiri kumachenjeza za apolisi, ngozi kapena ng'ombe kutsogolo.

Zonsezi ndi pangano la madalaivala okhaokha, si lamulo. M'buku la malamulo indiketa ili ndi tanthauzo limodzi: ndikukhota kapena ndikusintha mbali. Dalaivala wa loleyo akhoza kukhala kuti akufuna kupatuka kuti agule makala, kapena anaiwala kuzimitsa indiketa kuchokera pa Zalewa. Chenjezo lakuti musadutse limvereni nthawi zonse, chifukwa simutaya kanthu. Chilolezo chakuti dutsani chitsimikizeni ndi maso anu. Pakachitika ngozi, wapolisi sadzafunsa za indiketa ya mnzanu.

Nanga manja amene anthu amaimika nawo minibasi?

Amasiyana malo ndi malo. Kwathu kuno kondakitala amakuwa yekha kumene akupita, ndipo chikwangwani chimakhala pagalasi, choncho kukweza dzanja n'kokwanira. Kondakitala akamenya denga kapena chitseko dalaivala amadziwa kuti aime kapena anyamuke. Amene apita ku Johannesburg amakapeza zina: matakisi a kumeneko alibe woitanira m'njira, ndipo wokwera amanena kumene akupita ndi zala. Chala cholozera choimika m'mwamba chimatanthauza kuti mukupita m'tauni, choloza pansi chimatanthauza kuti mukutsikira pafupi m'dera lomwelo. Njira zina zili ndi zizindikiro zawozawo, ndipo mlendo amachita bwino kufunsa mnzake woima naye pasiteji asanakweze chala, kuopa kukatsikira kwina.

Makadi a woimbira mpira anayamba liti?

Anayamba kugwira ntchito pa World Cup ya 1970 ku Mexico, ndipo anabadwa chifukwa cha kusamvana zilankhulo. Pa World Cup ya 1966, pa masewero a England ndi Argentina pabwalo la Wembley ku London, woimbira wa ku Germany, Rudolf Kreitlein, anatulutsa kaputeni wa Argentina, Antonio Rattín. Awiriwo sankamvana chilankhulo, Rattín anakana kutuluka, ndipo mpira unaima kwa mphindi zingapo. Ken Aston, Mngelezi amene ankayang'anira oimbira pa mpikisanowo, anaganiza za nyale za loboti: chikasu chenjezo, chofiira basi kwatha. Ubwino wa khadi ndi wakuti samaliona wosewera yekha. Bwalo lonse, mpaka wokhala pampando womaliza ku Bingu National Stadium, amadziwa chigamulo nthawi yomweyo.

Kodi Morse ndi SOS n'chiyani, ndipo zinafikako kuno?

Morse ndi njira yolembera zilembo ndi kugunda kwakufupi ndi kwakutali, kaya ndi magetsi m'waya, nyale kapena wezulo. Anaikonza ndi Samuel Morse ndi Alfred Vail, ndipo uthenga wotchuka woyamba unayenda kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore mu May 1844. Anachenjera popatsa zilembo zogwiritsidwa ntchito kwambiri zizindikiro zazifupi: E ndi kadontho kamodzi kokha, T ndi kamzere kamodzi.

SOS ndi tifupi titatu, titali titatu, tifupi titatu, zoimbidwa mosadukiza. Mayiko anagwirizana za chizindikirochi pamsonkhano wa ku Berlin mu 1906, ndipo chinayamba kugwira ntchito mu 1908. Anachisankha chifukwa n'chosavuta kuchizindikira ngakhale wailesi ikusokosa. Sitima ya Titanic pomira mu 1912 inatumiza SOS pamodzi ndi chizindikiro chakale cha CQD. Kuyambira mu 1999 sitima zapanyanja zikuluzikulu zinasiya kudalira Morse populumutsana, zimagwiritsa ntchito masetilaiti ndi mawailesi amakono.

Kuno waya wa telegalafu unafika m'zaka za m'ma 1890, pa ntchito ya Cecil Rhodes yofuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo. Unadutsa ku Blantyre n'kukwera m'mbali mwa nyanja kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Karonga, n'kukathera ku Ujiji m'dziko limene pano ndi Tanzania, osafika ku Cairo. Agogo ambiri amakumbukira telegalamu ya kupositi ofesi: ankalipiritsa liwu lililonse, choncho uthenga unkakhala wa mawu atatu kapena anayi. Telegalamu ikafika kwa munthu wa ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare, mtima unkayamba kugunda envelopu isanatsegulidwe.

Kodi sitima zikamaliza hutala zimakhala zikunena chiyani?

Panyanja pali malamulo a mayiko onse. Kulira kumodzi kwakufupi kumati ndikukhotera kumanja, kawiri ndikukhotera kumanzere, katatu injini zanga zikubwerera m'mbuyo. Kasanu kapena kuposa, mofulumira, ndiye kuti sindikumvetsa zimene ukuchita, samala. Usiku sitima imayatsa nyale yofiira kumanzere kwake ndi yobiriwira kumanja, yoyera pamwamba ndi kumbuyo. Msodzi akaona yofiira ndi yobiriwira nthawi imodzi adziwe kuti sitimayo ikubwera molunjika pa iye. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Usisya, hutala wa Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja ya Malawi kuyambira mu 1951, ali ndi tanthauzo lina loonjezera: nyamulani katundu, thamangirani kugombe.

Pamtunda nkhani ndi yachidule. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zodutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala ndi zazitali ndiponso zolemera kwambiri. Sitima yotere siingaime pafupi, ndipo siingakhote kukupewani. Hutala wake pamphambano ya njanji ndi msewu sakupempha, akukudziwitsani.

Kodi chinenero chamanja cha anthu osamva ndi zizindikiro ngati zimenezi?

Ayi, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Zizindikiro za loboti kapena za woimbira mpira zili ndi matanthauzo owerengeka, ndipo simungazigwiritse ntchito pokamba nthano. Chinenero chamanja ndi chilankhulo chathunthu, chokhala ndi malamulo ake a kamangidwe ka ziganizo. Munthu amatha kuseka nacho, kukangana, kupemphera, kufunsira mbeta, kuphunzira sayansi. Nkhope, nsidze ndi kaimidwe ka thupi ndi mbali ya chilankhulocho, si zokometsera.

Sichimodzinso padziko lonse. Cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku Britain, ndipo cha ku Britain n'chosiyana kwambiri ndi cha ku America ngakhale mayiko awiriwo amalankhula Chingelezi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika chinenero chamanja pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, mndandanda umene mulinso Chichewa. South Africa inavomereza chake kukhala chilankhulo cha boma cha nambala 12 mu 2023. Kuno kuli bungwe la MANAD loimira anthu osamva, ndi sukulu monga Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Anthu amakumbukira za mwambo wokumbukira Nelson Mandela mu December 2013, pamene womasulira woima pambali pa atsogoleri a mayiko ankangogwedeza manja zopanda tanthauzo. Ife akumva sitinaone cholakwika. Osamva anazindikira pa mphindi yoyamba.

Kuflasha foni kumatanthauza chiyani?

Zimadalira amene wakuflashani. Kuimba kamodzi n'kudula kukhoza kutanthauza "ndiimbire, ndilibe mayunitsi", "ndafika bwino", "ndili panja", kapena "ndakusowa". Foni imalira chimodzimodzi, tanthauzo lili m'pangano la anthu awiriwo. Palinso malamulo osalembedwa: wamng'ono amaflasha wamkulu, wakumudzi amaflasha wam'tauni, ndipo mnyamata woflasha mtsikana amene akumufuna wadzichotsera yekha mamalikisi. Koma nambala yachilendo ya kunja ikangolira kamodzi n'kuduka, musabweze. Pali akathyali amene amadyera pomwepo, pa ndalama zimene zimadulidwa mukaimba.

Timizere ta pa WhatsApp tili ndi matanthauzo okhazikika: kamodzi kotuwa, uthenga wachoka pafoni yanu; tiwiri totuwa, wafika pafoni ya mnzanu; tiwiri tabuluu, wautsegula. Tabuluuto tinabwera mu 2014. Timangonena zimenezo basi. Zakuti "wandinyoza" kapena "ali ndi wina" amaonjezera ndi mtima wa wodikira yankho.

N'chifukwa chiyani netiweki imadzaza koma intaneti osayenda?

Timizere ta netiweki timangosonyeza mphamvu ya mafunde pakati pa foni yanu ndi nsanja yapafupi. Sitinena kuchuluka kwa anthu amene akugawana nanu nsanjayo. Pamsika, pabwalo la mpira kapena madzulo anthu akaweruka, nsanja imodzi imatumikira mafoni ochuluka, ndipo aliyense amalandira kagawo kochepa. Vuto likhozanso kukhala kuseri kwa nsanjayo, pa waya wa fayiba woduka kapena magetsi.

Mafunde a foni ndi a wailesi ya FM amayenda molunjika, ndipo phiri limawatchinga. N'chifukwa chake nsanja amazimanga pamwamba, n'chifukwa chakenso kumidzi ina kuli chulu kapena mtengo wodziwika umene aliyense amapitako akafuna kuimba foni. Wailesi yakale mafunde akafooka imayamba kusokosa pang'onopang'ono koma mawu mumawamvabe. Kanema wa dishi ndi wa digito: mvula yamphamvu ikagwa chithunzi chimagawika timabokosi, kenako zii, chifukwa makina akalephera kuwerenga manambala okwanira sangapange chithunzi chatheka.

Mitundu ya pa mabotolo a mankhwala a mbewu ndi ya kuchipatala imatanthauza chiyani?

M'munsi mwa lebulo ya mankhwala ophera tizilombo mumakhala mzere wa mtundu. Wofiira ndi poizoni woopsa kwambiri, wachikasu ndi woopsa, wabuluu ndi wofunika kusamala, wobiriwira ndi wosaopsa kwambiri ukagwiritsidwa ntchito moyenera. Wobiriwira sakutanthauza kuti mungapopere opanda chophimba kumphuno. Vuto lalikulu ndi mankhwala ogulitsidwa pamsika atathiridwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda lebulo. Pamenepo chenjezo lachotsedwa, ndipo botolo likuuza mwana kuti muli chakumwa.

Kusikelo alangizi a zaumoyo amayeza mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu. Pofiira, kuchepera masentimita 11.5, mwana wanyentchera kwambiri ndipo afunika chithandizo msanga. Pachikasu, mpaka 12.5, ali pangozi. Pobiriwira ali bwino. Mayi amene sanapite kusukulu amatha kuwerenga kalambako bwinobwino, ndipo ndicho cholinga chake. Pa kachipangizo koyezera malungo, mzere wa pa C umatsimikiza kuti kagwira ntchito. Ukaoneka wokha, malungo sanapezeke. Ukaoneka ndi unzake, alipo, ngakhale wachiwiriwo ukhale wosaoneka bwino. Wa pa C ukapanda kuoneka, zotsatirazo n'zotaya, ayezenso.

Machenjezo a namondwe amaperekedwa. N'chifukwa chiyani anthu amafabe?

Funso ili ndi lowawa, ndipo yankho lakuti anthu ndi osamva ndi laulesi. Namondwe Freddy asanagwe kummwera kwa Malawi mu March 2023, nthambi yoona zanyengo inachenjeza pawailesi ndi pamafoni. Komabe anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ambiri ndi matope ndi miyala yotsika m'mapiri, ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu.

Chenjezo limayenera kudutsa makomo angapo. Lifike kwa munthu, alimvetse, alikhulupirire, ndipo akhale ndi kopita. Kunena kuti kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti sikuuza mayi wa ana anayi choti achite usiku uno. Kunena kuti "samukirani kumtunda" kumamveka kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Nchalo amene adani ake ndi Shire ndi Ruo. Koma wa ku Chilobwe anali kale kumtunda, ndipo imfa inachokera pamwamba pake. Winanso amamva, amakhulupirira, koma akaganiza zosiya mbuzi, mbewu ndi malata kwa akuba, amasankha kudikira kuti kuche.

Kuchigwa cha Shire, kumene madzi anasefukira mu 2015, mu 2019 ndi namondwe Idai, ndi mu 2022 ndi namondwe wotchedwa Ana, madera ena ali ndi njira yogwira mtima. M'mitsinje muli mitengo yoyezera madzi yopakidwa mitundu, anthu a kumtunda amaimbira foni a kumunsi madzi akakwera, ndipo a komiti ya m'mudzi amayenda ndi zimkuzamawu, mawezulo ndi ng'oma. Mphamvu yake ili pakuti wochenjezayo ndi munthu womudziwa, wotchula dzina la sukulu kapena tchalitchi chokathawirako. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Chofunika n'kuyeserera kukadali chilimwe, kuti wezulo akadzalira pakati pa usiku miyendo idzadziwe njira yokha. Ndipo chenjezo likaperekedwa madzi osabwera, atsogoleri afotokozere anthu chifukwa chake, apo ayi ulendo wotsatira adzangotembenuka pamphasa.

Kodi n'kulakwa kutumiza uthenga umodzi m'njira ziwiri?

Ndi nzeru. Ku Vatican, makadinala akamasankha papa, utsi wakuda wotuluka pa Sistine Chapel umati sanagwirizane, woyera umati papa wapezeka. Kangapo m'mbuyomu utsiwo unkatuluka wotuwa, khamu ndi atolankhani n'kusokonezeka. Kuyambira mu 2005 anaonjezera mabelu a tchalitchi cha St Peter's kuti atsimikize utsi woyera, ndipo ndi mmene zinachitikira pa 8 May 2025 posankha Papa Leo XIV. Ambulansi nayo ili ndi sayirini ndi nyale, kuti wosamva aone, wosaona amve. Woimbira mpira amaimba wezulo n'kulozanso ndi dzanja.

Ndikasochera kapena kuvulala kutchire kapena m'phiri, ndiitane bwanji thandizo?

Gwiritsani ntchito chinthu chobwerezabwereza mwadongosolo, chifukwa chilengedwe sichichita phokoso la dongosolo. Wezulo amapita patali kuposa kukuwa ndipo satopetsa pakhosi. Ku Britain ndi ku mapiri a Alps pangano ndi kuimba kasanu n'kamodzi pa mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, n'kuyambiranso. Wokumvani amayankha katatu. Ku America amaimba katatu. Tochi usiku kapena galasi lothwanitsa dzuwa masana zimatsata dongosolo lomwelo, ndipo SOS imadziwika kulikonse. Wina akayankha musasiye kuimba, chifukwa ofufuza amalondola phokosolo. Utsi wa masamba aawisi umaoneka patali masana, koma m'chilimwe moto wa kutchire ukhoza kukupsererani nokha.

Foni ikhale ndi batire: chepetsani kuwala, ndipo netiweki ikakhala yofooka tumizani meseji, chifukwa imadutsa pamene kuimba kukukanika. Lembani kumene munayambira, nthawi, ndi chimene mukuona pafupi. Pa phiri ngati Mulanje, kumene chifunga chimatseka njira m'kanthawi kochepa, kwerani ndi wolondolera wa komweko, ndipo musananyamuke uzani munthu wa pansi njira imene mutenge ndi tsiku lotsika, kuti tsikulo likadutsa ayambe kukufunani.